TIYI, MPHEPO NDI MASIKU A SABATA KWA NCHILAMWELA

Mlendo woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, akafika m'dera la Mfumu Nchilamwela pafupi ndi boma la Thyolo, amanyengedwa ndi maso ake. M'mwezi wa Okutobala, pamene zigawo zina za dziko lino zauma gwa, udzu wapsa ndipo mbuzi zikubudula makungwa a mitengo, iye amaona zitunda zobiriwira ngati kuti mvula idagwa dzulo. Akabweranso mu Febuluwale apeza mtundu womwewo. Motero amabwerera kwawo akuganiza kuti ku Thyolo kulibe nyengo, chaka chonse ndi dzinja. Mayi wothyola tiyi atamva zimenezi angoseka, pakuti ndi ochepa m'Malawi muno amene moyo wawo umalamulidwa ndi nyengo kuposa iye. Ntchito yake, malipiro ake, njala yake, chimene amamwa, ngakhale maina amene amatchulira masiku a sabata, zonsezi zili ndi mbiri imene idalukana ndi mvula ndi mphepo za m'mapiri amenewa.

Nkhani iyambire pa dzina la tsambalo. Chimene kwa Nchilamwela amati tiyi, munthu akangooloka malire pa Muloza nalowa m'tauni ya Milange ku Mozambique, amva akuchitcha chá. Akalunjika kumpoto, naoloka mtsinje wa Songwe kufika ku Tukuyu m'dziko la Tanzania, kumenenso kuli minda ya mbewu yomweyi, amva akuti chai. Tsamba ndi limodzi, maina ndi atatu, ndipo onse atatuwo kwawo ndi ku China. Kumeneko chilembo cha dzinali ndi chimodzi koma katchulidwe kamasiyana ndi chigawo. Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Fujian, pa doko la Xiamen limene Azungu ankalitcha Amoy, amati te. Zigawo zambiri zotsala zimati cha. Amalonda a ku Holland, amene adayamba kufikitsa tiyi ku Ulaya cha m'ma 1610, ankagula kwa anthu otchula te, ndipo dzina limenelo lidafalikira nawo kwa Angerezi, Afalansa ndi Ajeremani. Apwitikizi ankachita malonda awo pa doko la Macau, kumene amati cha, natenga limenelo. Njira yachitatu idali ya pamtunda, ya ngamira, yodzera ku Persia. Kumeneko dzina lidasanduka chai, lidafalikira ku India ndi kwa Aluya, kenaka zombo za amalonda zidalitula pa gombe la Aswahili. Choncho munthu wofuna kudziwa kuti dera lakutilakuti lidalamulidwa ndi yani, kapena lidagulitsana ndi yani, angofunsa dzina la chimene anthu ake amamwa m'mawa.

Chodabwitsa nchakuti amene adathandiza kuti olemera a ku England akonde chakumwachi adali Mpwitikizi, Catherine wa ku Braganza, amene adakwatiwa ndi Mfumu Charles II m'chaka cha 1662. Kwawo kwa mfumukaziyo amati chá, komabe Angerezi adatenga mwambo wake nasiya dzina lake. Akadatenga zonse ziwiri, bwenzi lero Thyolo ndi Milange akuyankhula chimodzimodzi pa nkhani imeneyi.

Khutu limafunanso kugwirizanitsa dzina la Thyolo ndi ntchito yothyola. Nthabwala yake ndi yokoma, koma phirilo lidali ndi dzina lake mtengo wa tiyi usanafike m'dziko lino. Azungu, polephera kumva bwino, ankalemba Cholo, monga momwe ankalembera Mlanje, ndipo maina olakwikawa adakhala pa mapu ndi pa mabokosi a tiyi mpaka dziko litalandira ufulu.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo uyu sadakamuke, ngakhale kuti poyamba zidaoneka ngati atero. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan, wosamalira dimba pa mishoni ya Blantyre, adabwera ndi mbewu za khofi ndi tiyi kuchokera ku Edinburgh. Khofi adagwira, tiyi adakana. Mbewu zina zidafikanso m'zaka za m'ma 1880 ndipo mitengo yowerengeka idamera pa mishonipo, anthu akungoyiona ngati maluwa. Mu 1891 Henry Brown adatenga mbewu za mitengo imeneyi nakabzala pa Thornwood ku Mulanje. Brown adachokera ku Ceylon, chilumba chimene lero chimatchedwa Sri Lanka, kumene adaona minda ya khofi ikutha ndi chiwawu cha masamba, eni ake nkutembenukira ku tiyi. Zomwezo zidadzachitika kuno: khofi, amene adali chuma cha mapiri a Shire, adagwa cha m'ma 1900 chifukwa cha tizilombo, chilala ndi kutsika kwa mitengo pamene dziko la Brazil lidadzaza misika. Ku Thyolo tiyi adayamba kubzalidwa mu 1908 pa Bandanga, chaka chomwecho chimene njanji yodzera pa Luchenza idafika ku Blantyre. Maclean Kay adatsegula Satemwa mu 1923, ndipo Mtaliyana Conforzi adakuza minda yake ya tiyi ndi tung'i m'dera lomweli. Malawi ndi limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulima tiyi wogulitsa, ndipo kwa zaka zambiri lidali lachiwiri kwa Kenya pa kuchuluka kwa zokolola.

Padatsala pang'ono kuti zonsezi zithe. M'zaka za m'ma 1920 mitengo yambiri idayamba kuchita chikasu, masamba nkuchepa, nthambi nkuuma. Mu 1933 akatswiri awiri, Storey ndi Leach, adalengeza kuti matendawo sadali a kachilombo ayi, koma nthaka idali kusowa mchere wa salufa. Feteleza wokhala ndi mcherewo atathiridwa, minda idabiriwiranso.

Koma nchifukwa chiyani mbewu yofuna chinyezi chaka chonse idakhazikika m'dziko limene mvula imaleka kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa? Yankho lili m'mphepo, ndipo Chichewa chimadziwa mphepo kuposa momwe eni ake amazindikirira. Munthu akati kumpoto kapena kumwera amayesa akungoloza mbali za dziko, chikhalirecho akutchula mphepo ziwiri: mpoto, yofunda, imene imadza ndi mvula, ndi mwera, yozizira, imene asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Salima amaiopa m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Kuvuma ndi kuzambwe nakonso ndi maina a mphepo, vuma ndi zambwe. Mbali ziwiri zomwezo zili ndi maina ena ochokera ku dzuwa, kum'mawa ndi kumadzulo. Makolo sadafune chitsulo choloza kumpoto, ankangotembenuza tsaya.

Anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre ali ndi dzina lina limene a ku Kasungu sangalimve kukoma kwake: chiperoni. Limeneli ndi dzina la phiri la Chiperone, lotalika mamita oposa 2,000, m'boma la Milange ku Mozambique. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti mphepo yochokera ku nyanja yamchere imakwera mapiri, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yowaza imene ingathe masiku atatu kapena anayi osaleka. Anthu ataona kuti mitambo imeneyi imayamba yaphimba phirilo isanafike kwawo, adaitcha dzina la phirilo. Mwana wa sukulu wopanda juzi amadana nacho chiperoni, mayi woyanika ufa amachitemberera, koma mtengo wa tiyi umapulumukira pomwepo. Thyolo salandira mvula yochuluka ngati Mulanje, ndipo popanda nkhungu imeneyi minda yambiri sikadafika Novembala ili moyo.

Maina a nyengo nawonso ali ndi zawo. Ana a sukulu amavutika pofuna kufanizira nyengo zinayi za ku Ulaya ndi za kuno, mpaka ena kumasulira dzinja ngati nyengo yozizira, pamene dzinja ndi nthawi ya mvula, yotentha, ya udzudzu ndi njala. Ashona a ku Zimbabwe amati zhizha, ndipo chilimwe amati chirimo, kusonyeza kuti mawu amenewa ndi akale kwambiri kuposa malire a maiko. Mawu oti masika ndiwo oseketsa. Kwa Mchewa masika ndi nthawi ya dowe, maungu, mzimbe ndi kukolola. Kwa Mswahili wa ku Zanzibar masika ndi nyengo ya mvula yaikulu. Miyezi yake ndi yomweyo, Malichi mpaka Meyi, koma kumwamba kumachita zosiyana, ndiye liwu lidasunga miyezi nkusintha tanthauzo. Chisanu chozizira ndi chisanu chowerengera zimalembedwa mofanana, kotero kuti tsiku la Lachisanu m'mwezi wa Julaye kwa Nchilamwela limayenera dzina lake kawiri. Mvula nayo ili ndi maina monga ana a m'nyumba imodzi. Yoyamba, imene imagwa tchire litangopsa, ndi chizimalupsa. Yosaleka usana ndi usiku ndi mvumbi. Ikadula pakati pa dzinja chimanga chili m'mawondo, imeneyo ndi ng'amba, liwu limene mlimi salitchula mokweza.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mtengo wa tiyi umaoneka wobiriwira chaka chonse, koma suphuka chaka chonse. Wothyola safuna tsamba lililonse. Amafuna masamba awiri anthete ndi kansonga kake, ndipo zimenezi zimatuluka mochuluka mvula ikagwa ndi kutentha kukafika. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a tiyi yense wa m'Malawi amathyoledwa pakati pa Disembala ndi Meyi. Pa nthawi imeneyi munda umene wathyoledwa lero umafunanso manja pakangotha sabata imodzi kapena masiku khumi. Ukachedwa, tsamba limakhwima ndipo mtengo wake pa msika umatsika. Likathyoledwa silidikira: tsiku lomwelo liyenera kufika ku fakitale kuti likafote, lidulidwe, lifiire ndi mpweya, liumitsidwe pa moto wa nkhuni za bulugamu. Makilogalamu anayi ndi theka a tsamba laliwisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Mwini esiteti amafuna anthu ambirimbiri m'miyezi imeneyi, ndipo ikatha safunanso ambiri a iwo.

Miyezi yomweyo ndiyo ya kubzala, kupalira ndi kubandira chimanga. Udzu nawo sudikira. Munthu ali ndi manja awiri okha, ndipo mbewu ziwiri zimawafuna m'mawa umodzi. Mbiri yambiri ya Thyolo m'zaka za atsamunda ndi mkangano wa mbewu ziwirizi pa manja a munthu mmodzi.

Midzi idali ndi njira yake yothetsera vuto la kuchepa kwa manja, ndipo njirayo idali mowa. Munthu amene udzu wamupitirira ankauza mkazi wake kuti anyike chimera cha mawere kapena mapira, afulule mowa, ndipo tsiku lake likafika anansi ankabwera ndi makasu kudzalima dima. Ntchito ikatha ankakhala pansi pa mtengo, chipanda chikuzungulira. Mawa lake kapena sabata yotsatira ankapita kwa wina. Mowa sudali malipiro kwenikweni; udali chizindikiro chakuti ngongole ya thukuta yavomerezedwa ndipo idzabwezedwa. Kuthandizana kotere, ndi kuthandiza mfumu m'munda mwake, ndiko kunkatchedwa kuthangata. Lidali liwu laulemu.

Kuyambira mu 1892 Harry Johnston adayamba kupereka zikalata zotsimikiza umwini wa malo kwa Azungu amene ankati adagula nthaka kwa mafumu. Malo aakulu a ku Thyolo adapita kwa Eugene Sharrer, ndipo pambuyo pake kwa kampani ya British Central Africa. M'zikalata zambiri mudali mawu oteteza midzi imene idalipo kale kuti isasunthidwe. Koma m'zaka zomwezo Alhomwe adayamba kulowa m'dziko lino mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, pothawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho wankhanza, ntchito yokakamiza ndi njala. Iwo mawu oteteza aja sadawakhudze, chifukwa adapeza zikalata zitalembedwa kale. Eni minda adawalandira ndi manja awiri, nawapatsa pomanga ndi polima, pa pangano lakuti lendi yake adzalipira ndi ntchito. Pangano limenelo adalitcha thangata. Ntchitoyo inkafunidwa m'dzinja, pamene munda wa mwini manjawo unali kumira mu udzu, ndipo ikatha padalibe chipanda chozungulira kapena tsiku lodzabwezera. Ndi mawu ochepa m'Chichewa amene adaipitsidwa ngati limeneli. Mpaka lero munthu akati ntchito iyi ndi thangata, palibe amene amaganiza za chithandizo.

Tsoka la Alhomwe lidali ndi nthabwala yowawa mkati mwake. Kwawo kwenikweni, m'mapiri a Namuli pafupi ndi Gurué, Apwitikizi nawo adatsegula minda ikuluikulu ya mbewu yomweyi. Abale a mtundu umodzi adapezeka akuthyola tsamba limodzi mbali ziwiri za malire, wina akuti chá, wina akuti tiyi. Kuno adapatsidwanso dzina lonyoza lakuti Anguru, limene Lewis Bandawe ndi bungwe la Alhomwe limene lidakhazikitsidwa mu 1943 adalimbana nalo mpaka boma lidaleka kulilemba.

Amene akufuna umboni wa nthawi imeneyo asavutike kupita ku nyumba yosungira zakale ku Zomba. Angowerenga masiku a sabata. Lolemba ndi tsiku lolemba maina a antchito. Loweruka ndi tsiku loweruka ku ntchito. Pakati pake masiku alibe maina, ali ndi manambala okha: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, kuwerenga kuyambira tsiku limene kalaliki adatsegula buku. Makolo ankawerenga nthawi ndi mwezi wa kumwamba ndi ntchito za m'munda; sabata ya masiku asanu ndi awiri idadza ndi belu la mishoni ndi buku la olemba ntchito. Amalawi amene adapita ku Salisbury adakapeza zofanana, pakuti Ashona amatcha Loweruka kuti Mugovera, tsiku logawira. Apwitikizi amawerenga kuyambira Lamulungu, kotero kuti Lolemba iwo amati segunda-feira, tsiku lachiwiri. Munthu wa ku Milange ndi wa ku Thyolo atapangana kukumana tsiku lachiwiri, aliyense nkuwerenga monga kwawo, mmodzi angafike mnzake asananyamuke.

Mwezi nawo udasintha. Wantchito ankapatsidwa tikiti imene inkachongedwa tsiku lililonse akamaliza gawo lake, ndipo mwezi wa esiteti unkatha pokhapokha malo onse ochonga atadzaza. Tsiku la Mulungu, tsiku lodwala, ndi tsiku limene kapitawo wanena kuti gawo silidathe, sankawerengedwa. Mwezi wa kumwamba unkafa nkubadwanso, mwezi wa pa tikiti usanathe. Mawu ozungulira ntchito imeneyi akuonetsa njira zonse zimene alendo adadzera. Kapitawo ndi capitão wa Apwitikizi. Ganyu ndi ganho, kutanthauza phindu, ngakhale wochita ganyu m'dzinja amadziwa kuti phindulo limalipiridwa ndi munda wake. Kalata ndi nsapato nazonso ndi za Chipwitikizi, zidakwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi Shire Angerezi asanafike. Phoso, chakudya chogawira antchito, ndi posho wa Aswahili. Boma nalonso lidadzera ku gombe, kumene limatanthauza linga kapena khola. Nkhani yakuti zilembo zake zikuimira mawu a Chingerezi ndi yopeka, liwulo ndi lakale kuposa ulamuliro wa Angerezi kuno.

Mkwiyo wa thangata udaphulika koyamba ku Chiradzulu mu Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe adaukira minda ya Bruce ku Magomero. Lamulo la 1928 lidalola kuti lendi ilipiridwe ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, komanso lidapatsa eni minda mphamvu yochotsa mabanja khumi mwa zana lililonse pa zaka zisanu zilizonse. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba, zipolowe zidabuka pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza. Chiyambi chake chidali nkhani ya malalanje amene ankati abedwa, koma chenicheni chidali nthaka. Zidafalikira m'maboma oyandikana ndipo anthu 11 adaphedwa. Thangata idathetsedwa ndi lamulo mu 1962, zaka ziwiri ufulu usanafike. Nkhani ya nthaka yokha sidathe nalo lamulolo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, ambiri a iwo opanikizana pa timinda ta m'mphepete mwa maesiteti ndi m'zitunda zotsetsereka.

Nanga anthuwo ankamwa chiyani pa zaka zonsezi? Poyamba sadali tiyi. Tsambalo linkalongedwa m'mabokosi, nkukwera sitima pa Luchenza kupita ku Beira ndi ku London, ndipo mpaka lero gawo lalikulu kwambiri limagulitsidwa kunja, kumene amalikonda chifukwa cha kufiira kwake posakaniza ndi tiyi wa maiko ena. Chakumwa cha kumudzi chidali thobwa, phala la chimanga lothira chimera nkuligoneka usiku umodzi, limene mwana ndi mkulu wa mpingo amamwa popanda wowadzudzula. Likapitirira masiku, nkuwiritsidwanso ndi kusefedwa, limasanduka mowa wa masese. Kusiyana kwa chakumwa chololedwa ndi choletsedwa pa mishoni kudali kwa masiku owerengeka chabe, ndipo mbiya zambiri zidaweruzidwa ndi mphuno za aphunzitsi.

Mowa udali ndi nyengo yake. Pakati pa dzinja nkhokwe zili gwa, palibe amene akadataya chimanga chambiri m'mbiya kupatula wa dima. Nkhokwe zikadzaza ndipo chilimwe chikalowa, ndi pamene zinamwali, maukwati ndi miyambo yokumbukira akufa inkachitika, ng'oma nkumveka usiku wonse. Mvula ikachedwa, mowa womwewo ndi ufa ndizo zinkathiridwa nsembe patsinde pa mtengo, monga Amang'anja amachitira kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo Alhomwe ankavina tchopa, gule amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wake mu 2014. Esiteti idatembenuza kalendala imeneyi. Ndalama zidayamba kufika m'dzinja, pamene chimanga chakwera mtengo, nkuleka m'chilimwe, pamene miyambo ikufuna ndalama. Kachasu ndiye adagwirizana ndi dongosolo latsopanoli, chifukwa safuna nkhokwe yodzaza: madeya ndi shuga wogula nzokwanira, ndipo angatchezedwe mwezi uliwonse, makamaka tsiku lamalipiro likayandikira. Dzina lake ndi cachaça wa Apwitikizi. Boma la atsamunda lidamuletsa, koma kwa amayi ambiri a m'midzi yozungulira maesiteti, kachasu ndiye adali njira yokhayo yopatutsira pang'ono ndalama za malipiro kuti zifike m'manja mwawo. Chibuku, amene Max Heinrich adayamba kufulula ku Kitwe m'zaka za m'ma 1950, dzina lake lidachokera ku buku, ndipo motero ngakhale mowa udalowa m'kaundula wa kalaliki.

Tiyi adalowa m'nyumba za Amalawi pang'onopang'ono, kudzera mwa ophika m'nyumba za Azungu, ana a sukulu za mishoni, asilikali, ndi amuna obwera ku Salisbury ndi ku Joni atanyamula ketulo m'sutukesi. Chimene chidamufikitsa kwa aliyense ndi shuga. Fakitale ya ku Nchalo itayamba kugaya nzimbe mu 1966, kapu ya tiyi idasanduka ukwati wa phiri ndi chigwa: tsamba la ku Thyolo, shuga wa kutsidya kwa chitunda chomwecho m'chigwa cha Shire. Matiirumu adamera pa misika ndi pa malo okwerera basi, ndi masikono awo, zigumu ndi zitumbuwa. Liwu lenilenilo lidakula kupitirira kapu. Munthu akati sindidamwe tiyi, akutanthauza kuti sadadye kanthu m'mawa, ngakhale chimene akusowacho chili mbatata kapena chinangwa. Ku Kenya liwu lakuti chai lidapita kutali koposa, mpaka kutanthauza chiphuphu.

Mu 1967 boma lidakhazikitsa bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi, ndipo mabanja a ku Thyolo ndi Mulanje adabzala mbewuyi pa nthaka yawoyawo. Bungwe lofufuza za tiyi ku Mimosa, limene lidayamba mu 1966, lidatulutsa mitundu yatsopano yobzala ndi nthambi, yopirirako chilala. Maesiteti ena adakumba madamu othirira. Zonsezi zidatalikitsa nyengo yothyola pang'ono, koma sizidaisinthe. Meyi akatha, antchito ambiri a nyengo amauzidwabe kuti adikire mvula, otsalawo nkutenga zikwanje kukadulira mitengo mpaka m'mawondo. Kudulira kumeneku ndiko kumasunga munda kukhala wosalala ngati tebulo; mtengo wa tiyi utasiyidwa wokha ungatalike kuposa denga la tchalitchi.

Chimene chasintha kwambiri ndi phiri. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene inkakola nkhungu ya chiperoni nkuitsitsira m'mitsinje, idadulidwa pafupifupi yonse chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndi anthu ofuna polima. Kagawo kochepa kamene kadatsala kali m'malo a Satemwa. Kuwadzudzula anthuwo nkosavuta kwa munthu amene sadaone kuchepa kwa timinda tawo.

Mphepo nazo zayamba kubwera ndi maina achilendo. Liwu lakale lakuti namondwe, limene linkatchulidwa kwambiri ndi anthu a kunyanja, lidalowa m'nkhani za pa wailesi pamodzi ndi maina a anthu: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Freddy adabadwira kufupi ndi Australia, nayenda pa nyanja ya India kwa masabata asanu, nadzakhuthula mvula yake pa Blantyre, Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe pakati penipeni pa nyengo yothyola tiyi, chimanga chili pafupi kukhwima. Mapiri adagumuka, matope ndi miyala nkutsika usiku, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Pa wailesi ankati Freddy. M'midzi ya m'tsinde mwa mapiri, okalamba amene ankakumbukira za Zomba mu 1946 ndi za Phalombe mu 1991 ankati Napolo wadutsa.